Kadzidzi wa pafoni

Makolo athu ankati kadzidzi akalira padenga, pakhomo pagwa zovuta. Lero achinyamata ofuna Chijeremani akumuitana okha, kadzidzi wobiriwira wa pulogalamu ya Duolingo, amene ukangojomba tsiku limodzi amakulondola ndi mauthenga mpaka usiku.

Tsoka lake, mbalameyi sipereka satifiketi ya Chijeremani. Wotsatira mwamuna kapena mkazi wake ku Germany nthawi zambiri amafunsidwa pepala la gawo loyamba, A1, monga la Goethe-Institut, pomwe namwino wofuna ntchito kumeneko amayenera kukwera mpaka B2. Apo mpofunika thukuta. Wailesi ya Deutsche Welle ili ndi maphunziro aulere otchedwa Nicos Weg, oyambira A1 kulekeza B1. Inu mungogula bandulo.

Dzina lililonse muziliphunzira pamodzi ndi der, die kapena das wake, apo ayi mudzalira m'chipinda cha mayeso. Musadandaule kuti magulu atatuwo achuluka: ife a munthu, mtengo, chinthu ndi kanthu tili nawo oposa khumi, ndipo ana athu sawaphonya.

Chofunika kwambiri ndi kudekha. Mjeremani amakonda kusunga mneni mpaka kumapeto kwa chiganizo, choncho mukamudula mawu simudziwa ngati ndalama zanu zija wabweza kapena wadya.