Tsobola Wakale wa ku NBA

Amene anayamba kunena kuti tsobola wakale sawawa ayenera kuti anali mnyamata, ndipo ndikukhulupirira kuti anali atakhala pa benchi. Munthu wa imvi sangapeke mwambi wotero. Amenewa ndi mawu a munthu amene wavala jezi, wamanga nsapato, wawongola miyendo, koma masewero onse n'kutha iye akungowomba m'manja ndi kupatsira madala thaulo.

Chimene chimadanitsa anthu mu basketball ndi masamu. Mu ligi ya NBA ku America masewero amatenga mphindi 48, ndipo timu imalowetsa anthu 5 okha nthawi imodzi. Ndiye kuti mphindi zogawana ndi 240 basi, pamene osewera alipo mpaka 15. Mnyamata akalowa, ndiye kuti mkulu wina watuluka, ndipotu akuluakulu a kumeneko satuluka mwaulemu.

Kochi nayenso ali ndi mwambi wake: galu wamkota sakandira pachabe. Timu ikamagonja, woyamba kuona msana wa njira ndi iyeyo, n'chifukwa chake amakonda munthu wodziwa kale poima kusiyana ndi kamnyamata kodumpha mochititsa kaso koma koiwala amene kauzidwa kumulondera. Kafunseni Darko Milicic. Mu 2003, matimu akusankha osewera atsopano, Detroit Pistons inamusankha pa nambala 2, kusiya Carmelo Anthony ndi Dwyane Wade, koma kochi Larry Brown ankamukumbukira wopambana atadziwika kale, anthu atayamba kunyamuka m'mipando. Timuyo inatenga chikho mu 2004, Darko n'kulandira nawo mphete yaukatswiri jezi ili youma gwa. Ngakhale Kobe Bryant, atangofika ku Lakers mu 1996, masewero ambiri ankawayambira pa benchi.

Koma tsobola amene amandithyola nthiti ine ndi Udonis Haslem, amene anakhala ku Miami Heat zaka 20 osasuntha. Chakumapeto mkuluyu sankasewera kawirikawiri. Ankangomusunga kuti azilangiza ana ndi kuwakalipira. Mu nyengo ya 2020-21 analowa masewero amodzi okha, ndipo mphindi 3 zisanakwane anali atayambana kale ndi Dwight Howard, chala chili pamaso pa mnzakeyo, oyimbira n'kumutulutsa. Chaka chathunthu munthu akudikira, kungolowa n'kuyamba mkangano! Ameneyo ndiye mukuti sawawa? Mu April 2023, ali ndi zaka 42, anamupatsa mpata wotsanzika pa masewero olimbana ndi Orlando Magic, iye n'kumwetsa mapointi 24, ana aja kukamwa kuli yasa.

Pamenepa ndiyenera kuwaikirako kumbuyo anyamata. Amauzidwa kuti sangalowe chifukwa sanazolowere, koma kuzolowerako kuli m'bwalo momwe akuwaletsamo. Akadandaula, akuti alibe mwambo. Akakhala chete, akuti alibe njala. Kenako amawatumiza ku G League, ligi yaing'ono, ati akakhwime, ndipo akabwerako amapeza madala aja akadali pomwepo, bondo atalikulunga ndi ayezi, akunena kuti chaka chamawa aliponso.

Wovutika kuposa onse ndi Bronny James. Bambo ake, a LeBron, analowa mu NBA mu 2003, Bronny asanabadwe. Pa 22 October 2024 awiriwa analowa limodzi m'bwalo atavala jezi ya Lakers, koyamba m'mbiri ya ligiyi kuti bambo ndi mwana asewere pamodzi. Dziko linasangalala, makamera ali ng'aning'ani. Koma taonani kagawidwe kake: mwana anapatsidwa mphindi zosakwana 3, bambo a zaka 39 anadya zoposa 30. Anzake akamanidwa mphindi amaimba foni kunyumba kukadandaula za madala okakamira. Bronny akaimba, woyankha foniyo ndi madala okakamirawo.