Walira mvula walira matope, ngakhale Lamulungu

Mwezi wa Novembala tchalitchi chathu ku Ndirande chinasala kudya masiku atatu kupempherera mvula. Dzuwa linali litatiwamba ngati mbewa zapamsewu wa M1. Amayi a Mvano analira mofuula, ife abambo tikuvomera "Amen" ndi mawu okhuthala, ndipo mkulu wa mpingo wina anakumbutsa Mulungu, ngati kuti angaiwale, kuti feteleza tinagula kale pangongole.

Mulungu anayankha. Lamulungu lina mu Disembala chimvula chinayamba tambala woyamba asanalire. M'tchalitchi muja, mmene masiku osala aja munalibe poponda, tinasonkhana anthu oti n'kukwana minibasi imodzi, kondakitala n'kumaitanirabe ena. Ine ndinafika nsapato zitalemera ngati njerwa zosawotcha, buluku litathimbirira mpaka m'mawondo, ndikutukwana mumtima wakabaza amene anandithira chithaphwi pamsika. Nyimbo yoyamba ndinangoiyasamulira.

Nditabwerera kunyumba ndinayamba kufotokoza madandaulo anga mwatsatanetsatane. Mayi akunyumba anandimvetsera akupala mphika, kenako anati, "Bambo a ana, si inu munasala kudya mpaka kuona chidima? Walira mvula walira matope." Anapitiriza kupala mphika wawo. Palibe ulaliki umene unandilasapo ngati umenewo, ndipo unalibe chopereka.

Vuto lathu Akhristu a m'tauni n'lakuti timafuna Mulungu azitipatsa zinthu zosendasenda, ngati nzimbe yodulidwa kale m'kapepala. Mvula tiyilandire kuchokera kumwamba, koma matope timati ndi phukusi la Satana. Chikhalirecho zonsezi zimabwera pangolo imodzi. Makolo athu ankadziwa zimenezi. Popita ndi nsembe kwa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje, ankadziwa kuti pempho likamveka, njira yobwerera idzakhala yoterera.

Ndinapempherera ntchito zaka ziwiri. Nditaipeza, foni yanga inasanduka ofesi yothandiza anthu ovutika. Tsiku la malipiro lisanafike, asuweni amene sindinawaonepo chibadwire amakhala atandiflasha kale, ndipo uthenga wawo umayamba ndi moni wautali wofunsa ngakhale nkhuku. Foniyonso ndinachita kuipempherera. Lero imadya bandulo kuposa mmene mwana wanga wachisamba amadyera nsima, komanso inandilowetsa m'magulu a WhatsApp asanu ndi awiri, atatu mwa iwo a tchalitchi, onse okumbutsa zopereka. Za ana ndisanene. Tinawapempha ndi misozi, ndipo misozi imabweranso temu iliyonse ikamatsegulidwa.

Chondilimbitsa mtima n'chakuti matendawa ndi akalekale. Aisiraeli analira njala m'chipululu, Mulungu n'kuwapatsa mana zaka 40, chakudya chosalima, chosapalira, chosafuna makuponi. Tsegulani Numeri mutu 11 muone. Anthuwo anayamba kudandaula kuti atopa nacho, akukumbukira nsomba, nkhaka, mavwende, anyezi ndi adyo za ku Iguputo. Munthu wawomboledwa ku ukapolo, nyanja yagawikana iye akuona, koma chimene chikumupweteka mutu ndi anyezi! Ndikanawaseka kwambiri ndikanakhala kuti dzulo sindinakwiye chifukwa cha bonya wosathira tomato.

Amene ankaudziwa bwino mwambiwu ndi Eliya. Patatha zaka zitatu ndi theka za chilala, iye anapemphera paphiri la Karimeli, n'kutuma mnyamata wake kasanu ndi kawiri kukayang'ana kunyanja. Kamtambo kakang'ono katangooneka, sanayambe ndi kuvina. Anatumiza uthenga kwa mfumu Ahabu kuti amange galeta lake msanga, mvula ingamutsekereze panjira. Mneneri weniweni ameneyo: pemphero lisanathe, waganizira kale za mateyala.

Pali matope ena amene sitiseka nawo. Amene anatsika phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy, si a mwambi uno, ndipo munthu wanzeru sautchula pamaso pa amene anataya abale awo. Ine ndikunena matope ang'onoang'ono a tsiku ndi tsiku: denga lodontha pamwamba pa bedi lenileni, zovala zosauma, mwana wofuna yunifomu yatsopano, mbale zodikira kutsukidwa chifukwa anthu adya.

Agogo anga kumudzi ku Thyolo amathokoza zimenezi mosachita manyazi. Pemphero lawo la pachakudya limazizilitsa nsima. Amathokoza mvula, amathokoza ngumbi zimene zatuluka nayo, bowa, chisoso chomera chokha kuseri kwa khola, ngakhale msana umene ukuwawa, poti akuti msana wosawawa ndi wa munthu amene sanalime. Tili ana tinkatsegula diso limodzi kulondera ndiwo. Lero ndikamakumbukira, ndimaona kuti gogoyo anali ngati Msamariya uja wa mu Luka 17, amene atachiritsidwa anabwerera yekha kukathokoza pamene anzake asanu ndi anayi sanabwerere. Ife tinali m'gulu la asanu ndi anayiwo, tikuthamangira ntchafu ya nkhuku.

Lamulungu lotsatira tsiku la matope lija kunagwanso mvula. Ndinaima pakhomo la tchalitchi ndikupala nsapato ndi kamtengo, ndipo ndinayesa kunena "zikomo Ambuye" pa chibuma chilichonse chimene chinkagwa. Nsapato yakumanja inayenda bwino ndithu. Ndili pakati pa yakumanzere, galimoto la mkulu wa mpingo uja linadutsa pachithaphwi n'kundisambitsa kuyambira kolala mpaka lamba. Anatsitsa galasi akumwetulira.

"Madalitso a mvula, achimwene!"

"Alandiridwa, abambo," ndinayankha ndikulavula mchenga.