Akoma Akagonera

Mawu a akuluakulu akoma akagonera. Mwambi umenewu ndinaumva koyamba ndili kamnyamata, ndikulira ndi chala chopsa, agogo atandiletsa kale katatu kuseweretsa mbaula. Kuchokera tsikulo ndakhala ndikuumva pamalo amene zinthu zaipa kale: pabwalo la milandu, pasiwa, pakhomo pa wakatapila. Palibe amautchula zinthu zikuyenda bwino. Ndi mwambi wa anthu oima kumbuyo kwako manja ali m'thumba, kudikira kuti ugwe kaye ndipo akukumbutse kuti anakuuza.

Koma liwu limene limandivutitsa mutu ndi lomalizalo, kugonera. Kwathu kuno chinthu chogonera chilibe ulemu. Nsima ikagonera timaitcha mkute, ndipo mlendo sitimupatsa. Timadyera kukhitchini ndi tiyi, chitseko titakankha. Usipa wauwisi wochokera ku Nkhata Bay ukagonera pamsika, ngakhale wogulitsayo amauyang'ana cham'mbali. Nkhani ikagonera pa WhatsApp iwe n'kuitumiza pagulu m'mawa, anzako amakufunsa ngati unali kundende. Nyemba zokha ndi zimene zimakwezedwa pa udindo zikagona mumphika usiku umodzi, ndipo nazonso zikawonjezera usiku wachiwiri zimachotsedwa ntchito.

Ndiye mu Disembala 2021 msuweni wanga anabwera kuchokera ku Joni. Kwa ife dziko lonse la kutsidya kwa Beitbridge ndi Joni, ngakhale iyeyo Johannesburg amangoiona pawindo la basi. Amagwira ntchito m'munda wa mphesa ku Robertson, m'chigwa cha mtsinje wa Breede, ulendo wa maola ngati awiri kuchokera ku Cape Town. Anabweretsa mabulangete, mapoto, nsapato za ana zosawakwana, ndipo atagawa zonsezi anandiitanira pambali ngati akufuna kundibwereka ndalama. Anatulutsa botolo lokulungidwa m'juzi.

"Ichi ndasungira inu asuweni, poti ndinu ophunzira."

Unali vinyo woyera wa mphesa za mtundu wa Chardonnay. Kuyera kwake musakutengere pamtima. Ndi woyera monga mmene mzungu alili woyera: ukayang'anitsitsa umaona kuti ndi nkhani yongogwirizana. Mtundu wake weniweni unali wa udzu wa mu Ogasiti.

Msuweni anakhala pansi n'kuyamba kundiphunzitsa, ine wophunzira ndili kukamwa yasa. Famu yawo ndi ya banja limodzi, agogo anabzala, bambo anakulitsa, pano akuyendetsa ndi ana. Akuti m'chigwamo mafamu otere ndi ambiri, ndipo lotchuka kwambiri pa Chardonnay ndi De Wetshof la banja la a De Wet, kumene Danie de Wet anathandiza kutchukitsa mphesa imeneyi m'dziko la South Africa. Dothi lakumeneko lili ndi laimu wambiri, ndipo mphesayi imalikonda. Mpesa ukabzalidwa umatha zaka zitatu usanapereke zipatso zoti n'kupangira kanthu. Akathyola, amafinya, ndipo madziwo amawathira m'migolo ya matabwa, uliwonse wa malita 225, amene ndi mabotolo 300. Kenaka amatseka chitseko n'kuchoka. Miyezi imatha, nthawi zina chaka chathunthu, munthu akungopitako kukavundula nsenga za pansi ndi ndodo, kulawa pang'ono, kulavula, n'kutsekanso.

"Kulavula?" ndinafunsa.

"Kulavula, asuweni. Ndipo amalipidwa."

Mgolowo si wa mtengo wamba. Ndi wa oak, mtengo umene m'Baibulo lathu lakale umatchedwa thundu, ndipo migolo yodula kwambiri imachokera ku nkhalango za ku France monga Tronçais ndi Limousin. Mtengo umadulidwa utapitirira zaka 100, ina 150 kapena kuposa. Matabwa ake amawasiya panja zaka ziwiri kapena zitatu, mvula ndi dzuwa zikuwasambitsa kuti kuwawa kuchoke. Pokhoma mgolo amauwamba mkati ndi moto, ndipo kuwambako n'kumene kumapatsa vinyo kafungo ka vanila ndi ka buledi wootcha. Mpweya umalowa pang'onopang'ono kudzera m'thabwa n'kumufewetsa. Vinyo wina amauluka n'kuthera m'malere, ndipo eni ake sadandaula. Amati ndi gawo la angelo. Kwathu katundu akachepa m'nyumba yosungiramo zinthu sitiyamba ndi angelo, timayamba ndi mlonda.

Nkhani ya nkhalango ya Tronçais inandikumbutsa kwathu. Amene anaikonza bwino ndi Colbert, nduna ya mfumu Louis XIV, cha m'ma 1670, pofuna mitengo yokhomera zombo zankhondo. Pamene mitengo inkafika pokhwima bwino, dziko linali litayamba kupanga zombo zachitsulo, ndiye thundu uja anathera m'migolo ya vinyo. Nafenso tili ndi Chikangawa, mahekitala pafupifupi 53,000 a paini amene anabzalidwa poyembekezera fakitale yaikulu ya mapepala imene sinabwere. Kusiyana kwake n'kwakuti anzathu mitengo yawo anailola kugonera mibadwo, pamene ife yathu tinaikweza pamalole, ina moto n'kutithandiza. Aliyense wodutsa msewu wa M1 kuchokera ku Mzimba amaona yekha mapiri ometedwa mpala.

Tsiku limene msuweni ankafotokoza zonsezi, malume anali pakhonde, atabwera kudzalandira bulangete lawo. Anamvetsera mpaka kumapeto, osadula mawu, kenaka anati:

"Mphwanga, bweretsa makapu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Ine ndinawayankha ndi chida chawo chomwe. "Malume, si inu nomwe mumati akoma akagonera? Uyu ndi vinyo. Akamakalamba m'pamene amakoma."

"Amene amagonerawo ndi mawu," anatero malume. "Mawu sasasa, poti sakhala m'botolo. Tsegula timwe."

Sindinatsegule. Ndinaseka mwaulemu, kuseka kwa munthu amene anapita kusukulu pamaso pa munthu amene sanapiteko, ndipo botolo ndinaliimika m'kabati ya magalasi pabalaza, pakati pa makapu a paukwati amene sitinamwerepo ndi chithunzi changa cha tsiku lomaliza maphunziro. Kabatiyo imayang'ana windo la kumadzulo. Nyumba yathu ku Zolozolo ilibe siling'i. Zimenezi ndikuzitchula pano kuti mudzazikumbukire.

Kuyambira pamenepo ntchito yanga inali yoyeza alendo. Khirisimasi inafika, ndinaona kuti ndi yaing'ono, imabwera chaka chilichonse. Mwana anakhoza mayeso a Fomu 4, ndinaona kuti mapointi ake ndi a Fanta. Alamu anga anabwera kuchokera ku Rumphi, analiyang'ana botolo, nanenso ndinawayang'ana, tinamwa tiyi. Anzanga akuntchito ndinkawalola kuligwira ndi kuwerenga chikalata cha kumbuyo, chimene chinkalonjeza fungo la mapichesi, mandimu, batala ndi mtedza wokazinga, ngati kuti m'botolomo munalowa msika wonse wa Mzuzu. Mmodzi anafunsa ngati batalayo ndi wopaka pabuledi kapena nsomba ija ya ku Nkhata Bay. Ndinamulanda botolo.

Mayi akunyumba ndi a Umanyano, ndipo tsiku limene amayi anzawo ankabwera kudzapemphera, botolo linkasamuka. Lagonapo kuseri kwa thumba la chimanga. Lagonapo pamwamba pa firiji, pamalo pofunda paja pamene mphaka amakonda. Tsiku lina abusa atatulukira mwadzidzidzi linathera m'khitchini, pafupi ndi mbaula, ndipo tinalikumbukira mawa lake. Ine ndinkati vinyo wa pa ukwati wa ku Kana sanabisidwe chonchi. Mayi ankati ku Kana kunalibe amayi a Umanyano.

Pena ndinkadzitonthoza ndi masamu. Mu Meyi 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Ndalama zimene ndinagoneka kubanki zinadzuka zitaonda, pamene botolo langa, logulidwa ndi marandi, linkanenepa lili chiimire. M'nyumba monse munalibe katundu wina amene ankapanga phindu osadya kanthu. Ndinayamba kuliona ngati ng'ombe.

Apa mpamene ndinazindikira kuti kugoneka chinthu ndi chuma pachokha. Tangoganizani banja la kwathu kuno litasunga mabotolo 300 a chinthu chogulitsika m'chipinda, n'kutseka chitseko kwa chaka. Mwezi woyamba kugwa maliro. Wachiwiri sukulu zatsegulira. Wachitatu feteleza wakwera. Pofika wachinayi mgolo uja uli pakhonde, tikusungiramo madzi poti mipope yauma. N'chifukwa chake kachasu amalawidwa akudontha kumene kumpope, akadali wofunda, ndipo masese akapsa lero, mawa lake mbiya ili chafufumimba. Si kuti kudekha sitikudziwa. Mlimi wa khofi ku Misuku kapena ku Phoka amadikira zaka zitatu kuti mtengo wake ubale, chimodzimodzi mlimi wa mphesa, ndipo khofi wa Mzuzu akafika kunja azungu amamununkhiza, kumulawa ndi kumulavula mwaulemu womwe uja, n'kupezamo zipatso zimene mlimi mwini wake sanabzalepo. Ku Lilongwe banja la a Ngwira lakhala likupanga vinyo wa Linga kuchokera ku jambula, magwafa, chidede ndi zipatso zina za kwathu konkuno. Ndipo anyamata anayi a ku Zimbabwe amene anapita ku Joni kukasaka ganyu ngati msuweni wangayu anaphunzira kulawa vinyo mpaka mu 2017 anakapikisana ku France, pa mpikisano wotchula mtundu wa vinyo osaona botolo. Mmodzi wa iwo, Tinashe Nyamudoka, pano ali ndi vinyo wakewake wotchedwa Kumusha, kutanthauza kumudzi. Lilime tili nalo, kudikiranso timatha. Kungoti kwa anzathu chimagonera ndi katundu, mwini wake ali pabedi. Kwathu amagonera ndi munthu: pamzere wa petulo, pamzere wa feteleza, pabenchi la ofesi podikira penshoni. Ndipo sindinaonepo munthu wochoka pamzere wa petulo m'mawa akununkhira vanila.

Tsiku linakwana mu Julayi 2024. Panalibe chifukwa chachikulu. Malume anabwera kudzaonana ndi dokotala wa maso, kunja kukuwaza kamvula kaja ka Mzuzu kosanyowetsa koma kolowa m'mafupa, ndipo ndinaona kuti nkhalambayi ikhoza kutisiya isanalawe. Magetsi anali atathima, koma mu Julayi mzinda uno sufuna firiji. Ndinaika botolo m'ndowa ya madzi pakhonde, ndipo patatha ola linali litazizira ngati mphuno ya galu.

Chotsegulira chake tinalibe. Ndinayesa ndi mpeni, chitsekerero chinanyenyeka ngati chigumu cha dzana. Chotsalacho ndinachikankhira mkati ndi chogwirira cha supuni, ndipo vinyo wa banja lolemekezeka la ku Robertson anadutsa pasefa ya tiyi asanalowe m'makapu a paukwati.

Udzu wa mu Ogasiti uja unali utapita. M'kapu munali chinthu cha mtundu wa tiyi wopanda mkaka. Ndinachizunguza monga anandiphunzitsira msuweni, n'kulowetsa mphuno. Mapichesi munalibe. Mandimu munalibe. Munali fungo la apozi woiwalika m'chikwama cha mwana wasukulu kuyambira teremu yatha.

"Mukuimva vanila, malume?" ndinafunsa, poti munthu sugonja pakhomo pako.

Malume anamwa pang'ono. Anatseka maso. Anameza movutika ngati akumeza kwinini.

"Amati tsabola wakale sawawa," anatero. "Koma uyu ndiye wayesetsa."

Usiku womwewo ndinaimbira msuweni pa WhatsApp kuti ndimudandaulire za katundu wake. Anandifunsa pamene ndinasunga. Nditamuuza za kabati, windo, firiji ndi mbaula, anaseka mpaka foni inagwa, ndipo ndinamva akufotokozera anzake m'chinenero china, nawonso n'kuseka. Atatolera mpweya anandiuza kuti botolo la chitsekerero chotere limagonekedwa chammbali kuti chitsekererocho chisaume, pamalo amdima, pozizira madigiri 12 kapena 14 osasinthasintha. Chikauma, mpweya umalowa mwaufulu, ndipo mpweya womwe uja umene umakometsa vinyo mumgolo ukamalowa pang'ono, umamupha ukalowa wambiri. Dzuwa ndi kutentha zimangofulumizitsa maliro. Anawonjeza kuti vinyo woyera wambiri sapangidwira kusungidwa zaka zambirimbiri. Kugonera kwake anagonera kale kufamu, m'manja mwa anthu odziwa.

"Nanga bwanji sunandiuze?"

"Ndimayesa mumwa pa Khirisimasi pomwe paja, asuweni. Si paja malume ananena?"

Foni inali pa sipika. Malume anali pampando wawo, bulangete la 2021 lili m'miyendo, akuthira supuni yachiwiri ya shuga m'kapu mwawo. Sananene kanthu. Anangondiyang'ana ndi diso limene dokotala anali atangolitsuka kumene, n'kumatakasa pang'onopang'ono, supuni ikulira m'kapu, kudikira kuti mwambi uja ndiutchule ndekha. Ndinayamba kukamba za mtengo wa feteleza.

Vinyo wotsalayo mayi akunyumba ananyikamo nyama ya mbuzi yolimba mawa lake, ndipo kunena zoona inafewa. Amayi a Umanyano awiri amene anadya nafe anafunsa chinsinsi chake, mayi anati ndi mandimu.

Malume ponyamuka anaima pakhomo, n'kuloza botolo lopanda kanthu lija ndi ndodo yawo.

"Ilo usataye, mphwanga, ndikulungire m'nyuzipepala. Kumudzi kuli mayi wina amatcheza Lachisanu. Zake sizifika Loweruka."