Maliro opanda manda

Mitambo itaphimba phiri masana aja, amayi ogulitsa nanazi pa Chitakale anayamba kukokera malonda awo pakhonde la sitolo. Ine ndinausanso pomwepo, pamodzi ndi anyamata awiri akabaza ndi gogo wina wandodo.

"Kukangoda chonchi, ine mtima suli m'malo," anatero mayi wina wa duku loyera, akuvundikira nanazi ndi pulasitiki.

"Aaa, amayi, inu a Mvano mukuopanso mvula? Si ndinu opemphera?" anaseka wakabaza mmodzi.

"Mwana wanga, ndimapemphera ndipo ndimaopa. Mchemwali wanga ndi ana ake awiri anapita ndi matope kwa Njema. Mpaka lero sitinaone ngakhale chitenje chake."

Mnyamata uja anazyolika. Kuno ku Mulanje palibe amene amafunsa kuti matope ake ati. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, phiri linakhuta madzi, ndipo miyala ikuluikulu ndi mitengo zinatsetserekera m'midzi. M'chigawo chakummwera anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, oposa 600,000 anasiya nyumba zawo nkukakhala m'misasa, ambiri m'masukulu ndi m'matchalitchi. Lazarus Chakwera, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, analengeza masiku 14 olira. Akuluakulu anati Napolo wadutsanso, monga anachitira ku Phalombe mu 1991 pamene madzi anatsika kuphiri la Michesi.

Mayiyo anapitiriza, osayang'ana aliyense. Anati chimene chimamupweteka nchakuti malirowo analibe mwambo. Pamsewu sanayale masamba, adzukulu sanakumbe manda, ndipo nyumba yomwe ikanakhala siwa inali itakwiririka. Ngakhale wopereka chipepeso panalibe, popeza mudzi wonse unali wofedwa. "Abusa anabwera patapita masiku, tinaimirira pamwamba pa miyala pomwe panali nyumba, nkupemphera. Ndinkadzifunsa kuti kaya ndikuponda mchemwali wanga, kaya madzi anamutengera ku Ruo."

Gogo uja anagogoda ndodo pansi. "Koma tinene zoona, machimo achuluka. Chimenechija chinali chikwapu cha Mulungu."

"Agogo, mwana wa zaka zitatu anachimwa chiyani?" Mayiyo anafunsa mwaulemu, manja atapinda. "Anzake a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri oyamba aja, pamene anangokhala naye pansi osayankhula. Atatsegula pakamwa kuti amupezere mlandu, mpamene analakwa."

Apa ine ndili kumbali ya mayiyu. Mawu akuti "ndi chilango" amatuluka msanga pakamwa pa munthu amene nyumba yake inatsala, ndipo amamuwonjezera wofedwa katundu wina: kuwonjezera pa kulira, ayambenso kufufuza tchimo la m'bale wake. Amene anafa kuno ambiri anali anthu omwe anamanga m'munsi mwa phiri ndi m'mbali mwa mitsinje chifukwa malo kuno ndi ochepa.

Wakabaza wachiwiri, yemwe anali chete nthawi yonseyi, anafunsa motsitsa mawu: "Nanga simunakwiye naye Mulungu?"

"Ndinakwiya kwambiri. Miyezi ingapo sindinaponde kutchalitchi. Usiku ndinkamufunsa kuti munali kuti, Ambuye? Koma taona, ndinkafunsa Iye yemweyo. Ndikanakafunsanso ndani?" Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Anandibweza ndi amayi anzanga. Lachinayi lililonse akaweruka ku Mvano ankadzera kwathu. Wina kambale ka ufa, wina nandolo, wina sopo. Sankandilalikira. Ankandisesera pabwalo, kuimba nyimbo imodzi, nkumapita. Tsiku lina ndinangopezeka ndikuimba nawo."

Anawonjezera kuti yankho sanalipeze, ndipo sakuliyembekezeranso pansi pano. Mwana mmodzi wa malemuwo anapulumuka chifukwa usiku umenewo anagona kwa azakhali ake. Mayiyu ndiye akumulera, ndi ndalama za nanazi zomwezi. Mwanayo akamva bingu amathamangira kunsi kwa bedi, ndiye amamutulutsa, kumufungatira, nkupemphera naye mpaka atagona.

Gogo uja sanatsutsenso. Anagula nanazi mmodzi osanenerera mtengo.

Misasa inatsekedwa kalekale, magalimoto a chithandizo anasiya kubwera, ndipo nkhani za Freddy zinazilala pawailesi. Koma kwa Njema, ku Muloza ndi ku Nkhulambe kuli mabanja omwe alibe manda oti akaikepo nkhata kapena kumangapo chiliza. Inu abusa, ansembe, akulu ampingo ndi amayi a m'mabungwe, mayina awo mukuwadziwa. Dzinja likamayandikira, pitaninso mukawaone.