Plexus Yafika ku Pfupajena

Kuchoka ku Kadoma kukafika ku Chegutu ndi mtunda wa makilomita opitirira 30 pang'ono, koma kombi ya pamsewu umenewu ndi chipatala chokwanira. Mpando wa anthu atatu amaukhalira anayi, wina thumba la chimanga lili paphewa, ndipo ulendo usanafike pakati wina wayamba kale kudandaula kuti mkono wachita dzanzi. Basitu, madokotala onse adzuka. Mayi wa dengu la tomato akuti ndi BP. Bambo wa chipewa akuti ndi shuga. Agogo a ku Rimuka, ku Kadoma komweko, amene makolo awo adachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito pamgodi wa Cam and Motor, akungopukusa mutu: "Musamunamize mwanayu, alipo akumuyendera usiku."

Tsoka ilo pakapezeka mtsikana wophunzira unamwino, n'kunena mwaulemu kuti, "Agogo, imeneyo ndi plexus chabe."

Mtsikanayo sananame. Plexus si matenda ayi. Ndi dzina limene madokotala adatenga ku Chilatini, la chinthu cholukidwa. Mitsempha isanu imatuluka m'fupa la msana cha kumunsi kwa khosi, n'kulukana, kusiyana, kukumananso, kudutsa kunsi kwa fupa la paphewa mpaka m'khwapa, kenako n'kugawikana kukafika kuzala. Imeneyo ndiyo brachial plexus. Ikapanikizika mkono umachita dzanzi, ndipo munthu akatsika n'kudziwongola, zonse zimabwerera m'malo mwake. Ina ili kuseri kwa chifu, amaitcha solar plexus. Aliyense ali nazo, ngakhale hwindi, kondakitala wa kombi amene wakupanikizaniyo.

Koma ndani angakondwere ndi chinthu chimene aliyense ali nacho? Dzinali likamafika ku Pfupajena, ku Chegutu kuja, limakhala litavala jekete. Dzanzi ndi la anthu wamba. Plexus ndi ya bambo wolemekezeka, amene adagwirapo ntchito ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead masiku amene inali pachimake, ndipo salola kuti muiwale.

Kaonereni pamaliro. Mbale ya chipepeso ikamayandikira, amalume amagwira phewa, nkhope itakwinyika: "Pepani achimwene, plexus yandigwiranso, mkono sukufika m'thumba." Anyamata nawo adamva msanga. Pa nthawi yokumba manda, theka la gulu limakhala pamthunzi, aliyense akusisita khosi. Chodabwitsa cha matenda amenewa n'chakuti amadziwa nthawi. Nsima ikangofika, zala zonse zisanu zimadzuka, kutema, kuumba, kusunsa, popanda chokhota. Madzulo mkono womwe uja ukunyamula scud, chigubu cha Chibuku, mpaka pakamwa osataya ngakhale dontho. Ine ndimati madokotala a ku Harare abwere adzaphunzire, chifukwa m'mabuku mwawo mulibe mtsempha umene umafa ukaona mbale ya ndalama n'kuuka ukaona ya ndiwo.

Mankhwala ake adawapeza ndi azakhali, osati a chipatala. Mbale itaima pamaso pa amuna awo, iwo atayamba kale kugwira phewa, azakhaliwo adagwada mwaulemu wonse, n'kupisa dzanja m'thumba la jekete la bambowo.

"Inu bambo khalani phee, musadzipweteke," adatero akuwerenga ndalama anthu onse akuona. "Wangawu mkono ulibe plexus."