Siya phazi, koma mlomo usapite nawo

"Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata." Ndakula nawo mwambi umenewu osautsutsa, mpaka mwezi watha pamene ndinamva zimene zikuchitika mu ofesi ina ya okiliyalitsa katundu pa boda ya Mwanza.

Ofesiyo inali ndi mnyamata wa makompyuta, waulemu wosasimbika. Anawapangira pulogalamu yosunga mayina a makasitomala, manambala a mathiraki ndi kuwerengera malipiro zinthu zisanalowe mu ASYCUDA World ya MRA. Tsiku lina anatsanzika bwinobwino, n'kukwera basi ya ku Joni, njira yathu yomweyi ya Zobue, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. Sanayambane ndi munthu. Anasiya phazi lokhalokha monga anatilangizira makolo: mizere ya code yosawerengeka, popanda ngakhale chiganizo chimodzi chofotokoza kuti chakuti chili pakuti chifukwa chakuti. Chongopezeka ndi fayilo imodzi yotchedwa "osakhudza_final2".

Tsono bwana anayamba kudabwa kuti makasitomala ena akumwetulira kwambiri polipira. Atafufuza anapeza kuti pulogalamu ija, m'makona ena, ikuwerengabe dola pa mtengo wakale, wa kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mtengowo mnyamata anaulemba pamanja m'malo angapo. Ena anakonza, ena anaiwala. Bwana analemba ntchito mnyamata wina kuti akonze. Iye atakhudza "osakhudza", pulinta inasiya kutulutsa malisiti.

Ndiye taonani chimene chamutsata mwana waulemu uja ku Johannesburg. Phazi! Foni imalira m'mawa, imalira ali pa ntchito, imalira pakati pa usiku. "Achimwene, pepani kukuvutitsani, kodi pasiwedi ya database ija munati ndi dzina la galu wanu kapena la chibwenzi chanu?" Iye amayankha ndi ma voice note a mphindi zisanu ndi zinayi, kumbuyo kukumveka mahutala a mataxi. Lero chidziwitso chonse cha kampaniyo chili mu WhatsApp ya mlembi wa mu ofesi, mufoni yong'aluka galasi, imene mwini wake akuti aigulitsa nyengo ya manachesi ikangotha. Bwana amaipatsa moni foniyo asanapatse moni antchito.

Zoseketsa, inde, koma pali maphunziro enieni a zimenezi, ndipo ndikanakonda achinyamata athu akanawathamangira monga amathamangira kuphunzira Python. Amatchedwa software architecture: kulingalira mamangidwe a pulogalamu usanayambe kulemba. Izikhala ndi zigawo zingati, chigawo chiti chizilankhula ndi chiti, magetsi akathima kapena netiweki ikathawa ntchito iyima kapena ipitirira, mtengo wa dola uzikhala pamalo amodzi ati. Kenako zonsezo kuzilemba. Mmisiri wokwirira mapaipi pansi osajambula pomwe adutsa amakusiyira ntchito yokumba bwalo lonse tsiku limene madzi adzadontha.

Ndipo sikuti amafuna buku lalikulu ngati la malamulo a dziko. Mu 2011 Michael Nygard anapereka njira yachidule: pa chisankho chilichonse chachikulu lembani tsamba limodzi kapena awiri, kunena mmene zinthu zinalili, chimene mwasankha, ndi zotsatira zake, zabwino ndi zoipa zomwe. Simon Brown anabwera ndi njira yojambulira ya C4, zithunzi za magawo anayi: choyamba chimaonetsa pulogalamu yonse ndi anthu oigwiritsa ntchito, zotsatirazo zimalowa m'kati pang'onopang'ono mpaka pa code penipeni. Chithunzi choyamba chija ngakhale bwana amene amaopa mouse angachimve.

Nanga bwanji sitilemba? Ulesi ulipo, sindikana. Koma palinso kachenjerero kena kamene ambiri savomera poyera: ukakhala wekha wodziwa pomwe pali makiyi, sangakuchotse ntchito. Olemba ntchito nawonso ali ndi gawo lawo. Amalipira chimene chikuoneka pa sikirini, ndipo akakupeza ukulemba zofotokozera amafunsa ngati ntchito yatha. Ana ochokera ku MUBAS, MUST, UNIMA ndi NACIT mitu ali nayo. Akafika ku ntchito amaphunzira msanga kuti m'manja amaombera amene wadzutsa seva usiku, osati amene analemba tsamba loti seva isagwe.

Apa kuseka kumandithera. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa milungu ingapo, ndipo mu Febuluwale Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alanda makina a Immigration ndipo akufuna dipo. Kuno ku Mwanza pasipoti ndi khasu la anthu ambiri, ochita geni ku Joni, madalaivala, ofuna maganyu. Phunziro limene ine ndinatolapo ndi lakuti dziko liyenera kudziwa mamangidwe a makina amene limadalira, kukhala nawo pa pepala, ndi kukhala ndi ana ake oti angawerenge pepalalo n'kudzutsa ntchito. Zimenezi sizigulidwa tsiku la ngozi.

Mnyamata wa ku Joni uja akuti wasintha nambala. Sindimuimba mlandu.

Inu mabwana a ku boda, a zipatala, a makopaletivu a alimi, mukalemba munthu wokupangirani pulogalamu, ikani m'pangano kuti ndalama yomaliza adzalandira akapereka chithunzi cha mamangidwe, mapasiwedi ndi masamba ofotokoza zifukwa zake. Ndipo mupeze wina awerenge masambawo mwini wake asanagule tikiti ya basi.