Ukatchuka, Azigogo Amachuluka

Pa kampani ina ya nzimbe kuno ku Chigwa cha Shire kuli mlonda wa kwathu kwa Chapananga, mfunda wake Banda. Pa 30 Juni 2024 kunamveka kuti woimba Lucius Banda wamwalira ku South Africa. Kutacha, mlonda uja anali kale pakhomo la ofesi, chipewa chili m'manja, nkhope yakugwa.

"Bwana, zatigwera. Achimwene atisiya. Ndipempheko sabata imodzi ndikakhuze ku Balaka."

Kapitawo anasolola buku lakalekale n'kuyamba kutembenuza masamba.

"Bambo Banda, mu Novembala 1997 munapempha sabata. Mumati agogo anu a Kamuzu atsikira kulichete."

"Eya bwana, a ku Kasungu aja."

"Mu 2010 mumati atsibweni anu a Aleke."

"A ku Nkhata Bay aja, bwana. Ankandikonda kwambiri."

"Mu 2022 mumafuna ngongole ya pasipoti kuti mukaike a Rupiah ku Lusaka."

"Fuko lathu ndi lomwazika, bwana."

"Nanga Mayi Joyce Banda ndi ndani wanu?"

"Pamenepo sindinganame, bwana. Amenewo ndi alamu chabe. Anabadwa a Mtila, dzina lathuli analipeza ku ukwati."

Kapitawo anatseka buku. "Pitani. Koma pakhomopa musiyepo munthu, chifukwa nanenso ndikuchoka. Ine ndine Phiri, ndipo sizingatheke kuti dziko lonseli lero sikunamwalire Phiri."

M'bale weniweni wa Lucius aliyense amamudziwa: mkulu wake Paul, wa Alleluya Band, kwawo kwa Sosola. Mlonda wathuyu ku Balaka amangokuonera pa windo la basi.

*

A Banda ndi anthu osadziwana okhala ndi dzina limodzi. Ku Chileka zinthu zinatembenuka: anthu odyera mphika umodzi, mayina atatu. Mphunzitsi wina wopuma ntchito ku Misomali atatopa ndi mkangano wa pa bawo, anatola kamtengo n'kuyamba kujambula pansi, pa mthunzi wa nimu.

"Apa ndi a Robert Fumulani, eni Likhubula River Dance Band. Ana awo ndi awa: Musamude, Anjiru ndi Chizondi. Apa pambali ndi Evison Matafale, amene anayambitsa Black Missionaries, n'kumwalira ali m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001. Uyu ndi Anthony Makondetsa. Onsewa ndi a m'mudzi wa Singano, ndipo ndi pachisuwani."

Mnyamata wa kabaza anakanda mutu. "Aphunzitsi, ngati ndi amodzi, bwanji mayina akusiyana?"

Mphunzitsi asanatsegule pakamwa, gogo wina wogulitsa masawu, Mmang'anja weniweni, anayankha ali chikhalire. "Iwe mdzukulu, dzina la bambo ndi lolemba pa envulopu. Bambo ndi mkamwini. Amabwera ndi kachikwama, amadzachoka ndi kachikwama komweko. Mwana umamuwerengera ku bere."

Mkulu wina wa ku Nsanje, Msena wogula mbuzi, anadzuka chipewa chili pendeke. "Amayi, kwathu ng'ombe zikangotuluka m'khola kupita kuchikazi, mwana ndi wa bambo. Mphuno ndi ya bambo, dzina ndi la bambo, ngakhale mawu oimbirawo ndi a bambo."

"Nanga akamaimba zosokosa?"

"Pamenepo timaona kuchikazi."

Akukokanakokana choncho, mbuzi za Msena uja zinaduka chingwe n'kudutsa pa chojambula cha mphunzitsi. Zinafufuta mbali yonse ya kuchikazi, ya kuchimuna osaiponda ngakhale pang'ono. Gogo uja mpaka lero amati mbuzizo zinachita kutumidwa.

*

Ngakhale mitsinje ili ndi anzake a dzina. Mayi wina wa ku Mulanje, wokwatiwa kwa Kakoma, amalumbira kuti a Robert Fumulani anali akwawo, poti Likhubula ali m'munsi mwa phiri la Mulanje ndipo iye anakulira kusamba momwemo. Mwamuna wake amati ayi, Likhubula wa gululo ndi wa ku Blantyre.

"Ndiponso madzi akewo amatsikira kuno ku Chikwawa n'kudzathira mu Shire. Ndiye kuti oimbawo akachapa malaya kumtundako, thovu lake timamwa ndife. Ubale woposa pamenepa, mayi a ana, unauonapo?"

*

Matafale anasiya zimbale ziwiri, Kuimba 1 ndi Kuimba 2. Otsala a Black Missionaries aja sanavutike kufuna dzina lina. Anangopitiriza kuwerenga, 3, 4, 5, mpaka kudutsa 10, ndipo palibe wogula amene anasokonezekapo. Nzeru imeneyi inamugwira mtima mkulu wina wa m'mbali mwa Majete, amene ana ake aamuna onse anawapatsa dzina la malemu bambo ake, poopa kuti mzimu ungakwiye ukaona wina wasiyidwa.

Pa kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017, wolembera anafunsa mmodzi wa ana a mkuluyo dzina. Atamva, anaika cholembera pansi.

"Achimwene, inu ndakulembani kale m'mawa."

"Ayi bwana, amene uja ndi Kuimba 2. Ine ndine Kuimba 4."

"Nanga 1?"

"Ali pa mzere kumbuyoku, wavala malaya ofiira."

"Nanga 3 ali kuti?"

"Ameneyo kuno sanayende malonda, bwana. Tinamutumiza ku Joni."

*

Mudzi wa Singano womwewo ndi kwawo kwa anyamata oimba a Kachamba. Bambo awo, a James Kachamba, ankaimba gitala, ndipo banjalo linakhalapo ku Salisbury zaka za m'ma 1950, kumene anyamatawo anatolako kwela, nyimbo za chitoliro zochokera ku Johannesburg. Mu 1967 katswiri wofufuza nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana nawo akuimba ku Blantyre, ndipo mbiri yawo inafika mpaka ku Ulaya. Chovuta ndi choti anyamatawo anali awiri, Daniel ndi Donald, ndipo pa pepala onse ndi D. Kachamba.

Madala awiri pa mowa wa masese anatsala pang'ono kuswerana zipanda.

"Kachamba anamwalira mu 1987. Ndinamva ndekha pa wailesi, ndikusankha thonje."

"Bodza! Kachamba wamwalira mu 2001. Mdzukulu wanga woyamba anali akukwawa."

Mayi wophika mowa ataona kuti zipanda zake zili pa ngozi analowererapo. "Nonse mwakhoza. Wa 1987 ndi Daniel, wa 2001 ndi Donald."

Madala aja anayang'anana. Kenako mmodzi anati, "Ndiye kuti tafedwa kawiri. Mayi, thiraninso."

Daniel anthu ankamutchula kuti Dokotala, ndipo mpaka pano ambiri sanena dzina lake popanda udokotalawo. Gogo wina wa msana wovuta atamva wailesi ikutamanda Dokotala Daniel Kachamba, anaitana mdzukulu wake. "Gulitsa nkhuku ziwiri, unditengere kwa ameneyo."

"Agogo, ameneyo ndi wa gitala."

"Ndiye ali bwino. A kuchipatala aja amangokupatsa panado osakuimbira n'komwe."

*

Ife a ku Chikwawa tinali ndi wathuwathu, malemu Joseph Tembo, woimba amene anthu a dera lina la boma lino anamusankha kukhala phungu mu 2009. Chaka chomwecho a John Tembo a ku Dedza ankapikisana ndi a Bingu wa Mutharika pa upulezidenti. Gogo wina wa kwa Chapananga, kumene Joseph sanaimeko n'komwe, analowa m'kachipinda kovotera atatsimikiza mtima kuti avotera mwana woimba uja. Pa pepala la aphungu sanamupeze. Pa pepala la apulezidenti anapeza Tembo, n'kudinda chala mwamphamvu.

Potuluka anauza mpongozi wake, "Ndamuvotera. Koma ndale n'zoipa, mwana'nga. Mwana uja zamukalambitsa pa miyezi itatu yokha."

Mdzukulu wake wina, wokhala ku Harare, anabwera ndi nkhani ya Tembo wachitatu: Biggie Tembo wa Bhundu Boys. Gogoyo anamulandira nthawi yomweyo kukhala mphwake wa awiri aja. Atauzidwa kuti dzina lake lobadwa nalo linali Rodwell Marasha, anangoti, "Anasintha pothawa msonkho. Akwathu ankatero."

*

Pa nkhani ya mayina obwereza, mafumu ndiwo akatundu. Munthu akalowa ufumu amalowanso dzina, lake lija n'kutsalira pa chitupa cha ubatizo. Mwana wina wa Folomu 2 anawerenga m'kalasi kuti a Lundu ankalimbana ndi Apwitikizi zaka za m'ma 1600. Loweruka lake anakumana ndi mkulu woimba ulimba akumangirira zikwa pa njinga.

"Agogo, mukupita kuti?"

"Kwa Mbewe, kukaimbira a Lundu. Bambo anga ankaimbira a Lundu, agogo anga ankaimbira a Lundu, agogo a agogo anga chimodzimodzi."

Mwana uja anawerengera pa zala, zala zinatha. "A Lundu omwewa?"

"Pali enanso?"

"Ndiye amadya chiyani kuti afike zaka 400?"

"Nsima ya mapira, mdzukulu wanga. Inu a mgaiwa simudzafikako."

*

Amene anatontholetsa bwalo lonse la ku Misomali lija ndi mkulu wa kwaya pa tchalitchi china, munthu amene analawako seminale asanaone kuti ukwati ndi wabwino. Iye anati zathuzi n'zachibwana, mavuto enieni anali ku Germany, m'banja la Johann Sebastian Bach, wopeka nyimbo za m'tchalitchi wobadwa mu 1685 ku Eisenach.

"Mkulu ameneyu mu 1735 anakhala pansi n'kulemba mndandanda wa amuna 53 a fuko lake, pafupifupi onse oimba. Ambiri mwa iwo dzina loyamba Johann. Mkulu wake amene anamulera makolo atamwalira anali Johann Christoph. Amene anabadwa mapasa ndi bambo ake, Johann Christoph. Woimba limba la m'tchalitchi cha ku Eisenach, m'bale wa bambo ake, Johann Christoph."

"Nanga pa nsima ankaitana bwanji?" anafunsa wa kabaza uja.

"Ankangoti Johann, nyumba yonse n'kusamba m'manja."

Anapitiriza kuti kholo limene Bach analiika pamwamba pa mndandandawo ndi Veit Bach, wophika buledi amene anachoka ku Hungary chifukwa cha chipembedzo chake cha Lutheran n'kukakhazikika m'mudzi wa Wechmar. Ameneyu ankatenga kagitala kake kupita nako ku mphero, n'kumaimba tirigu akuperedwa. Nyimbo za fuko lonselo zinayambira pamenepo.

Mwini chigayo wa pamsika anawala maso. "Ndiye kuti ana anga adzatchuka!"

"Inu chigayo chanu ndi cha dizilo, bambo. Ana anu adzangokhala ogontha."

Kenako anafika pa mapasa aja, Johann Ambrosius, bambo ake a Sebastian, ndi Johann Christoph. M'mbiri ya banjalo munalembedwa kuti ankafanana kwambiri moti ngakhale akazi awo ankalephera kuwasiyanitsa. Amuna onse pabwalopo anati kalanga ine, chisoni. Gogo wa masawu uja anaseka mpaka kutsokomola.

"Analemba zimenezo ndi mwamuna. Mkazi amadziwa ngakhale kutsokomola kwa mwamuna wake usiku wa mdima. Akaziwo ankadziwa bwinobwino amene walandira malipiro tsiku limenelo."

Za ana 20 a Sebastian, asanu ndi awiri kwa mkazi woyamba ndi 13 kwa wachiwiri, sizinadabwitse munthu. Wina anangofunsa kukula kwa munda wake wa thonje. Chimene chinamupweteka Msena wa mbuzi uja ndi choti mkazi woyambayo, Maria Barbara, anali Bach asanakwatiwe n'komwe, poti azigogo awo aamuna anali munthu ndi mng'ono wake.

"Ndiye ng'ombe zinapita kuti?"

"Kumeneko kulibe lobola wa ng'ombe."

"Alipo, aphunzitsi sanakuuzeni. Anazitulutsa pakhomo la khola, n'kuzungulira nazo, n'kuzilowetsanso. Anthu ochenjera amenewo."

Mkulu wa kwaya anamaliza ndi yoti mumzinda wa Erfurt a Bach anagwira ntchito yoimba nthawi yaitali, moti anthu ankatchula oimba a mumzindawo kuti a Bach ngakhale pamene panalibenso Bach pakati pawo. Izi ife sitinazione zachilendo. Kuno mnyamata akangopota tsitsi n'kunyamula gitala ya chigubu, dzina lake ndi Matafale mpaka tsiku lomwe apongozi adzamuuze kuti akamete.

*

Namondwe Ana atagumula mlatho wa pa mtsinje wa Mwanza mu Januwale 2022, anyamata a m'mbali mwa mtsinjewo anapeza ganyu yowolotsa anthu pa mapewa. Mtengo unali pawiri: mlendo alipire wonse, m'bale kapena munthu wotchuka alipire theka. Sabata isanathe, kwa Chapananga kunalibenso mlendo.

Tsiku lina kunafika mkulu wonenepa, wa jekete ndi magalasi akuda, n'kukwera pa mapewa a mnyamata wowonda.

"Mphwanga, ine ndi wa theka. Ndine wa ku banja la a Fumulani."

"Ubale wake wotani, bambo?"

"Nthawi ya Welensky atsibweni anga anagulitsa mbuzi ku Chileka. Mbuziyo inadyedwa kwa Singano. Ndiye magazi ake ukuganiza kuti anapita kuti?"

Mnyamata anayenda mpaka pakati pa mtsinje, pamene madzi amafika m'chifuwa, n'kuima.

"Bambo, kwa Singano ngakhale khanda limalira motsata ng'oma. Imbani kamodzi timve."

Mkulu uja anayang'ana madzi, anayang'ana gombe, n'kukweza mawu. Amayi ochapa kutsidya anasiya kuchapa. Ng'ombe zimene zinkamwa madzi kumunsi zinatuluka n'kuthawira kumtunda, mbusa ali pambuyo.

"Basi, basi, bambo, ndamva. Ubale ulipo ndithu."

"Waona?"

"Koma inu ndi a mbali yonyamula masipika. Mulipira wonse, ndi theka la ng'ombe zathawazo."